Kabati ya Miyendo Yaifupi

Fungo la oilo wakuda pagalaja ku Jumbe landikumbutsa kabati ya atate lero.

Atate anali sikauti wolondera nyama ku Mnkhanya. Kabatiyo anaikhoma okha ndi matabwa a paini ochokera ku mabokosi a katundu wa kukampu. Inkanunkhira utomoni, ndipo mfundo za matabwawo zinkandiyang'ana ngati maso. Miyendo yake inkaima m'zitini za oilo.

Ine, pokhala mwana, ndinkayesa kuti kabati imamwa oiloyo, ndipo ndinkaimvera chisoni. Atate atapita kuthengo milungu itatu, ndinataya oiloyo n'kuthiramo madzi oyera a mumtsuko. Ndi kutentha kwa kuchigwa kuno, madziwo sanachedwe kuuma. Chiswe chinakwera.

Atabwerako, atate anagwada n'kukanda mwendo umodzi ndi chala. Unayoyoka ngati gaga.

"Wataya oilo ndani?"

"Ndine, atate. Kabati inali ndi ludzu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Kanditengere sowo." Anadula miyendo yonse inayi kuti ilingane.

Kabatiyo ndikadali nayo. Ogula zinthu zakale akaiona amati kufupika kwa miyendo kunaiwononga. Sadziwa kuti tsiku limenelo atate anasankha kudula kabati yawo m'malo mokandithyolera mkwapulo.