Nsomba ya Jivi pa Dazi la Bwana

Ntchito imeneyi sindinaifune ine, inachita kundipeza. Ndili mu Giredi 11 ndinabisa mutu wa nsomba ya mcheni kuseri kwa kabati m'chipinda cha aphunzitsi, ndipo anthu akuluakulu anatha masiku anayi akuyang'anana mokayikirana asanaupeze. Ba Madamu Sakala, achiwiri kwa ahedi, sanavutike n'kufufuza. Anangondiitanitsa.

"Tisa, Loweruka kuli mpikisano wothamanga pa boma, ndipo afuna ana othandiza. Dzina lako ndalemba kale. Ndikamva dandaulo limodzi chabe, unyamule katundu ubwerere ku Mphuka ukayanike nsomba ndi amai ako. Mayeso udzawamvera kwa anzako."

Sanali kuseka. Kalata yondichotsa sukulu inali patebulo, itangotsala kusayinidwa.

Anzanga anapatsidwa ntchito za anthu: kugawa madzi, kugwira riboni pomalizira, kuomba m'manja. Ine anandikweza pa lole m'mamawa n'kukanditula ndekha potembenukira, pa mlambe waukulu mumsewu wa ku Kavalamanja, makilomita asanu kuchoka pa boma. Anandisiyira maka yakuda imodzi yolembera, kansanza kamodzi, chigubu cha madzi, fosholo, ndi bokosi la mankhwala momwe munali thonje, pulasitala ndi botolo la jivi, mankhwala opaka pa zilonda aja amene mtundu wake suchoka msanga pakhungu.

Fosholo ndinaidziwa ntchito yake lole isanapite patali. Njovu zinali zitadutsa pamenepo n'kusiya ndowe milumilu pakati pa njira, zina zikufuka nthunzi, zodzaza njere za masau. Ndinakokolola zonse ntchentche zikundilowa m'mphuno. Ndinkayesa kuti zonyansa za tsikulo zathera pomwepo. Ndinali mwana.

Ntchito yeniyeni inali iyi. Wothamanga akazungulira mlambe amatambasula mkono wamanja, iwe n'kupukuta ndi kansanza, n'kulemba mtanda ndi maka. Pomalizira amayang'ana mtandawo. Wopanda mtanda ndiye kuti sanafike pa mlambe, ndipo amamuchotsa ngakhale atakhala woyamba.

Kwathu kuno dzuwa silidikira masana. Pamene oyamba ankatulukira, miyala inali itayamba kale kuotcha. Anafika anyamata atatu, asodzi, opanda nsapato. Ndinagwira mkono woyamba, unaterereka m'manja mwanga ngati mlamba. Ndinapukuta, ndinalemba. Wachiwiri anandilanda kansanza, n'kudzipukuta nako kumaso, m'khosi ndi m'khwapa monse muwiri, n'kundibwezera. "Zikomo, mlongo." Kansanza komweko ndinapukutira wachitatu. Pofika munthu wa khumi kanali kakudontha, kofunda, kakununkha ngati mbuzi yonyowa ndi mvula. Ndinakatsuka ndi madzi a m'chigubu, koma wotsatira anakayamwa poyesa kuti ndamunyowetsera iye.

Anthu othamanga alibe manyazi, ndikuuzeni. Amalavula osayang'ana kumene malovu apita. Amageya pamaso pako. Amai ena a kwaya, amene Lasabata amayenda ngati mngelo, anasanza tiyi ndi zitumbuwa patsinde pa mlambe, n'kupukuta pakamwa ndi dzanja, n'kundipatsa dzanja lomwelo kuti ndilembepo.

Kenako maka inafa. Inamwa thukuta mpaka nsonga yake inasanduka phala. Ndinaigwedeza, ndinaipemerera, ndinaikanda pa mwala, ayi ndithu. Gulu lalikulu linali likubwera, ndipo ndinaona kale anthu makumi angapo akuchotsedwa pomalizira, aliyense akutchula dzina langa kwa Ba Madamu. Ndinatsegula bokosi lija, ndinakulunga thonje kunsonga ya kamtengo, n'kuviika m'botolo la jivi. Aaa, jivi saopa thukuta! Umangokhudza kamodzi, mtanda uli mbee. Ntchito inayenda, ndipo ndinayamba kudziona ngati munthu wodalirika.

Anthu atatha, ndinamva honda, njinga yamoto ija. Inaima kuseri kwa zitsamba, pafupi ndithu, ndipo woyendetsa ndinamuzindikira, Ba Shadi a kumudzi kwathu. Kumbuyo kwake kunatsika bwana wina wa m'maofesi a pa boma, wa amene amatumizidwa kuchokera ku Lusaka. Anali wamimba, wadazi, atavala malaya othamangira a manja aatali ndi nsapato zoyera zopanda fumbi ndi pang'ono pomwe. Anadzithira madzi a m'botolo pachifuwa, n'kuyamba kuthamanga motsimphina, akupuma ngati wachokera ku Zumbo wapansi.

Atafika pa ine anatseka mphuno imodzi ndi chala, n'kumina. Mamina anatera pa phazi langa, pakati pa zala. Anawaona. M'malo mopepesa, anandikuwira monga aitanira ana ku Lusaka.

"Iwe mwaiche, lemba fasti. Koma usagwire malaya yanga na manja yako ayo, ni ya mutengo."

Ndinayang'ana phazi langa. Ndinakumbukira kalata ija patebulo, ndikulumbira ndinaikumbukira. Koma mkono unali m'malaya, ndipo iye mwini anali atakana kuti ndiwagwire.

"Weramani, ba bwana. Akuluakulu timawalemba pamwamba kuti asavutike kupinda malaya."

Anawerama. Dazi lonse linabwera pamaso panga, losalala, lowala ngati mbale yatsopano. Munthu sungapatsidwe malo otero n'kulembapo kamtanda chabe. Ndinaviika thonje mpaka kudontha, ndinakoka mzere wokhota kuchoka pachipumi kufika kunkhongo, wina wobwerera, ndi kamchira. Inatuluka nsomba ya pende yonenepa bwino.

"Ni chani chozizira so?"

"Ndi maka ya masiku ano, ba bwana."

Anabwerera kuzitsamba kuja, honda inalira.

Za pomalizira ndinazimva kwa anzanga. Akuti anatsika honda chapafupi, n'kulowa m'bwalo manja ali m'mwamba, anthu akukuwa, iye n'kumayesa kuti akumuchemerera. Oyang'ana mitanda anaona jivi, anavomera. Anamuveka mendulo ya amadala, anamujambula zithunzi. Madzi amene anadzithira pamutu anatsitsira jivi m'makutu ndi m'nsidze.

Lolemba ndinaitanidwa ku ofesi. Bwana uja anali pampando atavala chipewa chaubweya, kutentha konse kuja, makutu ali ngati biringanya. Kalata inali patebulo, peni ili m'manja mwa Ba Madamu.

"Akuti asamba ndi sopo, mandimu, ngakhale parafini," anatero Ba Madamu. "Uli ndi mawu, Tisa, ndisanasayine?"

"Ndinalakwa, Madamu. Ndinalemba mothamanga chifukwa sindinafune kuwachedwetsa. Ba Shadi anali kuwadikira ndi honda kuseri kwa zitsamba, injini ili yoyaka."

Ba Madamu anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana mlendo wao.

"Honda?"

Bwana anakhosomola, anakonza chipewa, anayang'ana wotchi. "Madamu, tiyeni tizisiye. Ni bana aba. Palibe dandaulo."

Atatuluka, Ba Madamu anakhala nthawi atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Kenako anabweza peni m'chikwama. Koma sanandisiye chabe. Anandipatsa thumba la nsalu za manambala zimene othamanga anavala pachifuwa, zitagona masiku awiri zili zonyowa, kuti ndikachape ndekha pa mjigo. Nditamasula thumbalo, galu amene anali pafupi ananyamuka n'kusamukira pamthunzi wina.

Kwa amene mudzaikidwe potembenukira, nazi zimene ndinaphunzira. Nyamulani nsanza zambiri, ndipo musapereke ndi imodzi yomwe m'manja mwa wothamanga. Maka musaikhulupirire. Musanalembe munthu, yambani mwayang'ana nsapato zake, chifukwa amene wathamangadi amabwera ndi fumbi ndi fungo, ndipo ameneyo ngakhale akusanzireni, mulembeni mwaulemu.

Ba Madamu anandifunsa pambuyo pake ngati pali chimene ndimadandaula nacho pa zimene ndinachita. Ndinawauza zoona, chilipo. Nsomba ija ndinaiwala kuiika diso.