Tsiku limene ndinachapa jekete la mbidzi

Ntchito yanga yoyamba ku Nairobi ndinaipeza nditatopa ndi kukhala. Amuna anga anabwera kuno ndi bungwe lawo, ine n'kuwatsatira, setifiketi yanga ya ulangizi wa ziweto ili m'sutikesi. Kwathu ku Dedza ndinkabaya ng'ombe katemera ndi kuthena mbuzi, koma ku Ngong, kumene tinkakhala, ndinatha chaka chathunthu ndikukolopa nyumba yoyera kale. Tsiku lina titaweruka ku tchalitchi, mayi Chisale, Mmalawi mnzanga wokhalitsa kuno, anandiuza kuti chakumapeto kwa Karen kuli malo olererako ana amasiye a nyama zakutchire, ndipo akufuna munthu. Lolemba lake ndinakwera minibasi, imene kuno amati matatu, n'kukaonekera.

Nyama za pamalopo zinkachokera kumpoto, kudera la mapiri a miyala ndi chipululu, kumene chilala chikavuta zazikulu zimafa n'kusiya ana. Panali tizinkhoma tiwiri toyenda ndi nsonga za ziboda, mwana wa nyamalikiti, ndi kambidzi ka masabata atatu dzina lake Sidai. Sanali ngati mbidzi zakwathu. Anali ndi makutu aakulu obulungira, mizere ing'onoing'ono yothithikana, kumimba kuli mbee.

Kapitawo wathu anali a Lemayan, mkulu wamtali wa kumpoto komweko, wosakonda zolankhulalankhula. Iwo ndiwo anandiphunzitsa kusungunula mkaka wa ufa m'madzi owiritsa, kuudontheza pamkono kuti ndimve kutentha kwake, ndi kuyamwitsa maola atatu aliwonse. Botolo sulionetsa, umalipanira m'khwapa kuti nsonga ya labala yokha itulukire kumbuyo, mwana aziyamwa ngati pa mayi ake. Ndipo aliyense woyamwitsa Sidai ankavala jekete limodzi lalitali la mizere yakuda ndi yoyera. Mwana wa mbidzi amatsatira chimene wachizolowera masiku oyamba, choncho ankafuna kuti azolowere jeketelo, osati munthu.

Koma abale, jekete lake! Linali litauma gwa ndi mkaka, dovu ndi fumbi lofiira, ndipo fungo lake linkandiperekeza mpaka m'matatu. Ine ndine munthu woti ngakhale chokolopera ndimachichapa n'kuchiyanika. Mumtima ndinkati azibambo awa ndi auve basi, pamalo pano pamasowa munthu wamkazi.

Lachitatu la sabata yanga yachiwiri a Lemayan anapita kukagula udzu ku Ngong. Nditayamwitsa 7 koloko m'mawa, ndinatulutsa sopo wa ufa amene ndinabwera naye m'chikwama, jekete lija n'kulinyika, kulifikisa, kulitsukuluza kawiri. Kunja kunali dzuwa loswa mtengo, moti pofika 10 koloko linali litauma, likununkhira, ine ndikudzitama ndekha.

Ndinalivala n'kulowa m'khola. Sidai anabwera akuthamanga monga mwa masiku onse, koma atangonunkhiza kamodzi anadumphira kumbuyo, makutu ali njo. Anayamba kuzungulira khola akulira, akudziwombetsa kumatabwa. Ndinamuitana, ndinamunyengerera, ndinasintha mkaka, koma ayi ndithu. Pa 1 koloko anakananso.

A Lemayan atafika anayang'ana jekete, n'kuyang'ana ine.

"Mama, umefanya nini?" anafunsa motsitsa mawu. Chiswahili changa chinali chochepa, koma ndinamva kuti akufunsa chimene ndachita. Bola akanandikalipira.

Anatsina khungu la pakhosi pa Sidai, ndipo khungulo linatsala chiimire. Nkhama zinali zitauma. Dokotala wa nyama, atamuimbira foni, anati ngati mwanayo sayamwa pofika 4 koloko, abwera kudzamulowetsa paipi m'mphuno, koma anachenjeza kuti nyama yamantha chotero ikamaphiriphitha mkaka umapita m'mapapo, ndipo ikatero siichira. Ine amene ndinadutsa sukulu ya ziweto ndinali pafupi kupha mwana wa nyama ndi sopo.

A Lemayan anandivula jekete lija, n'kulipukutira m'udzu umene Sidai ankagonapo, wonyowa ndi mkodzo. Analipaka ndowe zake, analigubuduza m'fumbi, kenaka n'kundibwezera.

"Mwachapa ndinu, muvale ndinu. Kakhaleni pansi, mumufulatire, musalankhule."

Ndinakhala pakati pa khola, botolo lili m'khwapa, dzuwa likundiwotcha, ntchentche zikuchita nane phwando. Misozi inkangoyenda, koma kupukuta sindikanatha poopa kugwedezeka. Kawiri konse a Lemayan anandisinthira botolo polikankhira pansi pa matabwa. Patapita nthawi yaitali ndinamva mpweya wofunda pakhosi panga. Sidai ananunkhiza, anachoka, anabweranso, n'kuluma kolala ya jekete. Kenaka ndinamva botolo likukokedwa. Anamwa theka lokha, koma linali theka lokwanira kuti dokotala asabwere ndi paipi yake.

Nditatuluka ndinapepesa, ndikuyembekeza kuuzidwa kuti mawa ndisabwerenso. A Lemayan anapukusa mutu. Anati nawonso analakwa posandiuza, chifukwa kwawo ngakhale woweta mbuzi amazidziwa zimenezi, ndiye ankayesa kuti aliyense amadziwa. Apo ndi pamene anandifotokozera. Tsiku limene anakatenga Sidai kuchipululu anamupeza ataima pambali pa mtembo wa mayi ake, akukana kuchoka. Anatenga jekete lomwelo n'kulipukutira pamimba ndi pamawere pa mayiyo, ndipo m'pamene mwanayo anavomera kuwatsatira mpaka kugalimoto.

"Lero wamwa chifukwa wamva fungo lake lomwe," anatero. "La mayi ake lija ndiye lapita."

Ndinakhala pamalopo zaka zitatu, ndipo Sidai anakula n'kubwezedwa kumpoto, kumene anakalowa m'gulu la zinzake. Ndimanyadira zimenezo, koma chisoni cha tsiku lija sichinandichoke. Kuyambira pamenepo, ndikafika pa ntchito ya eni n'kupeza chinthu chooneka chosalongosoka, ndimayamba ndafunsa ndisanachikhudze. Mwana uja anali atatsala ndi chinthu chimodzi chokha cha mayi ake padziko lonse, ndipo ine ndinachitsukuluza kawiri n'kutaya madzi ake kuseri kwa khola.