Kukatenga a Mbewe ku Polisi

Ndinanyamuka ku Mlolo kutangocha, nditamanga mbatata zophika pampango. Amuna anga, a Mbewe, anali m'manja mwa apolisi, akuti anaba ng'ombe. Ng'ombezo zitapezeka zikudya msipu kudambo, uthenga unafika woti ndikawatenge.

Minibasi sinaoneke. Ndinakwera njinga yamoto ya bambo wina amene anandilipiritsa makwacha makumi asanu, nandiuza kuti mabampu okha ndiwo aulere. Mvula inali itakumba msewu, ndipo pa kamtsinje kena tinatsika n'kukankha.

Ndinafika pa polisipo dzuwa lili paliwombo. Panja panakhala mayi wina ndi mbale yovundikira. Anandiuza kuti mwana wake ali m'katimo, ndipo analeka kubwera madzulo chifukwa kulira kwa mwanayo kumamveka mpaka kumsewu.

Wapolisi anaitana dzina la a Mbewe. Munthu amene anatuluka ankakwawa ndi maondo, ndipo ndinamuzindikira ndi malaya okha. Mapazi anali otupa, kunsi kwake kong'ambika. Wapolisiyo anati mkuluyu anagwa yekha m'selo, ndiye tizipita.

Ndinawabereka mpaka kumsewu. Woyendetsa lole ya feteleza anaima, nawayang'ana, osafunsa kanthu. Anatiyalira masaka kumbuyo. Titafika pa chipatala cha pa boma, namwino anatsuka mabala, nati kuti alembe chimene chawavulaza pafunika kalata ya ku polisi. A Mbewe anakana kubwererako ngakhale pakhomo pokha.

Pobwerera, pa lole yomweyo, ndinawamenyera mbatata koma nsagwada zinakana kutafuna. Titadutsa minda ya mtedza anayamba kulankhula motsitsa. Anati apolisi anawamanga manja ndi miyendo, n'kuwapachika pa chitsulo pakati pa matebulo awiri, mutu uli pansi, n'kumawamenya kumapazi ndi paipi.

"Ndinavomera, amake Tiza," anatero. "Ndinati ndinaba ndine. Atandifunsa amene ndinaba naye, ndinatchula a Zulu, oyandikana nafe aja, kuti andileke."

M'mawa muja ndinachoka ndikuganiza kuti wosalakwa akatuluka, mlandu watha. Sindinkadziwa kuti ululu umalankhulitsa munthu zimene mtima wake sukuzidziwa.

Tinafika dzuwa likulowa. Woyamba kutithamangira anali akazi a Zulu, mwana kumsana. Anagwada pambali pa lole, natilonjera, kenako anafunsa a Mbewe ngati anawaonako amuna awo kumeneko, poti apolisi anawatenga dzana osanena chifukwa.

A Mbewe anatembenuka n'kubisa nkhope m'masaka.