Khoma la pabalaza ndi apongozi anga

Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito kuesiteti ya tiyi, kuyambira pothyola mpaka pa ukapitawo, sindinakhomepo msomali pakhoma. Nyumba za m'malaini ndi za kampani, ndipo lamulo linali lakuti khoma usaliboole. Zithunzi zathu zinkakhala m'sutikesi kunsi kwa bedi, zina mpaka kumatana ndi chinyontho. Ndiye nditapuma ntchito n'kumanga yangayanga ku Chimaliro, kwawo kwa akazi anga, manja anayamba kundiyabwa pulasitala asanaume n'komwe.

Akazi anga amati ndine munthu wosatha kukhala pansi, ndipo sanama. Sabata yathunthu ndinkangozungulira pabalaza ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndinkayala zithunzi pamphasa, kuzisuntha, kuzichotsa, kuziyalanso. Chaukwati chikhale pakati. Ayi, pamwamba. Nanga cha malemu mayi anga atabereka dengu la tiyi chipite pati? Mafelemu anandipangira kalipentala wa pamsika, awiri ndinamubwezera poti anali opotoka. Mizere ndinkayeza ndi chingwe monga tinkachitira podzala mbande. Misomali inkapindika, pulasitala kumagumuka, chala changa chachikulu chinada bii ndi hamala. Akazi anga anati ndikapitiriza khomalo lisanduka sefa.

Pakati penipeni, moyang'anizana ndi chitseko, ndinapachikapo changa chachikulu chimene ndinajambulitsa tsiku lotsanzikana ndi anzanga kuntchito. Ndili m'jekete, chifuwa patsogolo, maso tong'o kwa wojambula. Ndisaname, ndinkadzinyadira.

Masiku omwewo apongozi anga, mayi a akazi anga, anatuluka m'chipatala ku Makwasa kumene anagonekedwa ndi chifuwa. Kanyumba kawo kaudzu kankadontha, choncho tinagwirizana kuti adzakhale nafe, ndipo tinawakonzera chipinda cholowera pabalaza pomwepo. Kuno kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso. Zaka makumi atatu ine ndi iwo tinkapatsana moni chapatali, aliyense atanjuta, nkhope kumbali. Tikakumana m'njira wina ankapatukira m'tiyi. Mwambowu ndinkaudziwa ngati dzina langa, koma za chithunzi sindinaganizeko.

Tsiku lomwe anafika ndinazembera kuseri kuti alowe momasuka. Akuti anaponda pakhomo, kukweza maso, n'kubwerera cham'mbuyo atadziphimba kumaso ndi chitenje. Anakhala pakhonde. Inali nyengo ya chiperoni, nkhungu itatsika mpaka minda yosaoneka, kamvula kakuwaza tsiku lonse. Akazi anga anawanyengerera, kuwabweretsera mbaula, koma iwo ankangoti pakhonde pali bwino. Dzuwa litapendeka anabwerera ku kanyumba kodontha kaja. Mawa lake chimodzimodzi, ndipo kutsokomola kwawo kunkamveka mpaka kwathu.

Mtima wanga unali m'mwamba. Ndinkatuluka, kulowa, kutulukanso. Ndinaganiza kuti mwina ndi fungo la penti, ndinatsegula mawindo onse. Ndinafufuza m'mutu ngati pali mawu oipa amene ndinalankhula. Ndinkaopa kuti akafera m'chinyontho muja mudzi wonse udzati mkamwini anamanga ya malata n'kusiya apongozi akuvumbwa. Koma si mantha okha. Mayi amenewa ndinkawakonda, ndiwo anandilozera malo omangapo nyumbayo.

Tsiku lachitatu akazi anga anandipeza pabalaza ndikuwongolanso felemu ina.

"Abambo, amayi akuti sangalowe m'nyumba momwe mkamwini wawo akuwayang'anitsitsa tsiku lonse osaphethira."

Ndinayankha mopusa kuti limenelo ndi pepala chabe.

"Pepalalo lili ndi maso anu," anatero.

Safunsa anadya phula. Chithunzi changa chija ndinachitsitsa nthawi yomweyo, koma mumtima ndikunyinyirika: nyumba ya thukuta langa, nkhope yanga ndiye isaonekemo? Apongozi analowa masana omwewo. Anaona zithunzi chimodzichimodzi, nakaima pa msomali wopanda kanthu uja. Kenako anatuma mwana wawo kudzandiuza kuti si bwino mwini nyumba kusowa pakhoma pake, alendo angayese kuti anathamangitsidwa. Ndiye nditani ine, kupachika ayi, kutsitsanso ayi?

M'mawa mwake ndinavalanso jekete lija, ulendo kwa wojambula pamsika. Iye ankangondiuza kuti ndiyang'ane kwa iye, ine n'kumatembenuzira nkhope kumbali, maso pansi pang'ono, monga ndinkachitira popereka moni kwa apongozi. Anandijambula akupukusa mutu, ndipo ndikhulupirira anauza anzake kuti mdala uja mutu sukuyenda bwino. Chimenecho n'chomwe ndinakapachika pakati paja, ndipo sipanamvekenso dandaulo.

Apongozi anakhala nafe mpaka mvula yachiwiri. Anamwalirira m'chipinda chawo, pouma, atafunda bulangete. Maliro atatha akazi anga anandiuza chinthu chimene anali asanandiuzepo. Akuti ndikachoka masana, mayi awo ankakokera mpando pafupi ndi khoma n'kumayang'ana chithunzi changa nthawi yaitali, poti tsopano m'chithunzimo sindinkawayang'ana. Tsiku lina anaitana mwana wawoyo n'kuloza chithunzicho ndi chala:

"Kani mwana wa eniyu wachita imvi ali pakhomo panga, ine osadziwa."