Waya wa batani lomenyera mpira

Ndinataya mkazi wanga, Edina. Ndinataya mwana amene anali m'mimba mwake. Ndinataya ntchito yokonza magetsi ku fakitale ya tiyi, nyumba ya pa esiteti, ndi mphamvu ya zala ziwiri za dzanja lamanja.

Woyamba kudwala ndinali ine. Inali nyengo ya chiperoni pamene zala za kumapazi zinachita dzanzi. Ndinkati ndi kuzizira. Sabata isanathe dzanzi lija linafika m'mawondo, kenako m'manja. Tsiku lina sikuludiraiva inandipulumuka ndili pa makwerero, ndipo nditatsika miyendo inakana kundinyamula. A ku kiliniki ya pa esiteti ananditumiza kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo.

Dokotala anagogoda mawondo anga ndi kanyundo, koma sanagwedezeke. Anati chitetezo cha m'thupi langa chaukira minyewa yanga yomwe. "Ambiri amachira, koma pang'onopang'ono. Chimene tikuyang'anitsitsa ndi kupuma kwanu," anatero. M'mawa uliwonse anamwino ankandiuza kuti ndikoke mpweya ndi kuwerenga mokweza. Ndinafika polephera kugwira supuni.

Edina ndiye anali gadiyani wanga. Ankagona pansi pafupi ndi bedi langa, kunditembenuza, kundisambitsa, kuphika ku shedi ya magadiyani, kuima pa mzere wa mankhwala. Anali ndi mimba yoyamba, koma kwathu mimba yotere siitchulidwa mpaka amayi akuluakulu atabwera kudzalangiza mwini wake, mwamuna ali pomwepo. Amayi a ku Masambanjati, kwawo kwa Edina, anati adikira ndiyambe kaye kuyenda. Choncho Edina sanayambe sikelo, ngakhale ankadutsa pakhomo pake tsiku ndi tsiku atanyamula mbale zanga.

Nditatuluka, afizio, madokotala olimbitsa ziwalo, anati manja ndiziwapatsa ntchito. Tinali ndi gemu ya mpira ya pa TV imene tinkasewera ndisanadwale. Kandodo ka pa kontrola ndinkatha kukakankha ndi chikhatho, koma mabatani ndinkalephera kudina. Mnzanga wa ku koleji ananditumizira kabolodi kokhala ndi maikolofoni, kamene kamaphunzira mawu a munthu. Ukakalumikiza ku kontrola, umangonena kuti "patsa", iko n'kudina batani m'malo mwa chala.

Mawaya ndinkawadziwa, koma manja ndinalibe. Edina, amene ankaphunzitsa ana a sitandade 2, anali asanagwirepo ayironi ya soda yolumikizira mawaya. Ndinkamuuza popala, poika waya, ndi nthawi yochotsa ayironi kuti bolodi lisapse. Anadziwotcha chala, anaononga kontrola yoyamba, yachiwiri inatheka. Batani lopatsira mpira linamvera. Lothamangira linamveranso. Linatsala lomenyera. Ankandiseka kuti timu yanga ndi yaulemu kwambiri, imangopatsana mpira osafuna kukhumudwitsa goloboyi.

Masiku amenewo mapazi a Edina anali atatupa, nsapato zosalowa. Mutu unkamuwawa kawirikawiri. Oyandikana nawo anati ndi mmene zimakhalira, ndipo aliyense wobwera pakhomo ankafunsa za ine. Lachiwiri lina m'mawa, atangoyatsa ayironi, anati akuona mawaya awiriawiri. Mayi Nasibeko, okhala khomo loyandikana nafe, anaitana njinga yamoto. Ine ndinatsala pa mpando, popeza ndinali ndisanathe kufika ngakhale pamsewu.

Edina anakomoka ali m'njira, pakati pa minda ya tiyi. Sanadzukenso. Madzulo ake namwino anandifotokozera kuti BP yake inali itakwera kwambiri chifukwa cha mimba. Anati, "Zimenezi timaziona ku sikelo, achimwene. Ndi kungomanga lamba pa mkono basi." Sindinalire. Ndinamufunsa ngati sanasokoneze ndi munthu wina, chifukwa wodwala m'nyumba mwathu ndinali ine.

Lero ndikuyenda popanda ndodo. Ndimapuma bwino, ndimadya ndekha, ndipo ndimakonza mafoni ndi mawailesi pa khonde la achimwene anga ku Khwethemule. Zala ziwiri zija zikadali zolemera, koma ayironi ndimagwira. Dzanzi likayamba kukwera thupi, musadikire. Ine anandilandira nthawi ilipo. Ndipo ngati pali amene akukusamalirani, muyang'aneni mapazi, mumufunse za mutu. Mayi woyembekezera apite ku sikelo ngakhale mwambo usanachitike. Akuluakulu adzalangiza pambuyo pake.

Kontrola ija ili pa shelefu, yosatseka kumbuyo, waya umodzi uli lende. Ndi ntchito yoti ndingaimalize tiyi asanazizire m'kapu. Sindinaigwire. M'mawa uja, atazimitsa ayironi, Edina anaima pakhomo akumanga chitenje, dzanja lina lili pa chipumi, n'kunditembenukira.

"Musakhudze chilichonse pa tebulopo, inu ndi manja anu aphalawo. Wa 'menya' ndidzalumikiza ndekha ndikabwera."