Magalimoto Anayi, Batire Imodzi

Ku Chimwemwe, mu mzinda wa Kitwe, mukafunsa akuluakulu za a Jairus Miti, asanakuuzeni n'komwe kuti anali makanika, amayamba ndi nkhani ya mkazi wawo. Amati Edna ndiye anagulitsa mwakabisira galimoto yofiira ya mwamuna wake, mwini wakeyo ali kumaliro ku Katete, ndalama zake n'kugulira makina osokera. Nkhaniyi inabadwira pampopi, inakulira kubawa, pofika Lamulungu inali italowa kale m'tchalitchi. Ine Nicodemus, amene ndinkakhala nawo mpanda umodzi, nditaimva mtima wina unakana, koma wina unati, "Aa, Edna ameneyu akhoza." Pajatu ndinali nditamumvapo ndi makutu angawa akulumbira kuti zitsulo zimenezo tsiku lina adzaitanira anthu ogula zakutha.

Koma tiyambe ndi mwini magalimoto.

Jairus anabwera ku Kitwe ali mnyamata, mapazi ali ming'alu yokhayokha. Amene anamutenga kumudzi anali amalume ake, a Obadiah, mlongo wawo wa mayi ake, munthu wamtali amene mgodi unamudya zala ziwiri za dzanja lamanja. Iwowo ndiwo anamupezera ntchito yotsuka zitsulo ndi parafini kugalaja ya pamgodi, ndiwonso anamuimira ngati ankhoswe pokwatira Edna. Jairus ankati, "Amalume akanena kuti Kafue wayamba kukwera phiri, ine ndikatunga madzi pamwamba." Sukulu sanapite nayo patali, monga inenso, koma injini ankaimva ndi khutu ngati mayi amvera kulira kwa mwana wake pakati pa ana a eni.

Ufulu utabwera mu 1964, azungu ena a pamgodi anayamba kumanga katundu. Magalimoto awo akuluakulu anatha msanga, mabwana atsopano analimbirana. Koma panali timagalimoto tina tothamanga, topanda denga, totsika ngati mphasa, ta mipando iwiri yokha. Munthu wa ana ndi achibale angagule chimenecho? Apongozi akabwera muwaika pati? Anthu anzeru anatidutsa. Jairus sanadutse. Masiku amenewo migodi ya kopa inkalipira bwino, ndipo mzungu wothamangira sitima sachita makani pamtengo. M'kanthawi kochepa pabwalo la nyumba yake panali patagona magalimoto anayi.

Iliyonse inali ndi dzina. Yofiira anaitcha Dona, chifukwa sinkafuna fumbi ndiponso inkadzuka mochedwa. Ina inali Bilimankhwe, chitseko chilichonse mtundu wakewake. Yabuluu inali Namzeze. Yachinayi, imene sindinaimvepo ikulira ngakhale kamodzi, ana anaitcha Gonani, ndipo nkhuku za Edna zinkaikiramo mazira.

Tsono chimene anthu akutali sankadziwa n'chakuti magalimoto anayiwo anali ndi batire imodzi. Batire imeneyo inkagona kuchipinda, pansi pa bedi, yokutidwa ndi thumba, kuopa akuba. Lamulungu akaweruka ku Misa, Jairus ankalowa kuchipinda, n'kutuluka atainyamula pachifuwa ngati khanda lopita ku ubatizo, n'kuima pakati pa bwalo kuganiza kuti lero ndani adye. Edna anakwerako kamodzi kokha. Duku lake linauluka pamsewu wa ku Ndola, iye anafika kwa mkulu wake Zelipa ku Lubuto, ku Ndola komweko, tsitsi lili nyankhalala, ndipo analumbira kuti sadzakweranso. Choncho mpando wachiwiri unagwera ine. Musandiyese wamwayi. Mpando umenewo unali ndi msonkho wake: kukankha. Ndinakankha Dona, ndinakankha Namzeze, ndipo msana umene ukundipwetekawu si wa pamgodi ayi.

Ana anafika asanu ndi awiri. Ku tchalitchi onse ankapita wapansi, amake patsogolo, bambo wa magalimoto anayi pambuyo. Pabwalo panalibe poti n'kudzala repu, panalibe poyanika matewera, dothi lonse linali lakuda ndi oyilo. Tsiku lina Rosemary, mwana wawo woyamba, anadwala malungo aakulu, ndipo batire inapezeka itatha moto. Anamutengera kuchipatala panjinga yanga.

"Atate ake Rosemary," anatero Edna pobwera, "pamudzi pano pali akazi asanu. Anayi amadya osaphika. Sankhani."

Anaitana ankhoswe. A Obadiah anabwera atavala jekete, anakhala pampando, anamva mbali zonse, kenaka anagamula bwinobwino: mwamuna asunge galimoto imodzi, zitatu agulitse, agule kavaneti konyamula banja. Jairus anavomera, pakuti anena ndi amalume.

Kuvomera kunali kosavuta. Kusankha ndiye kunamudwalitsa. Madzulo aliwonse akaweruka ankazungulira pabwalo, manja kumbuyo, ngati munthu wosankha mbuzi yoti aphe pamaliro.

"A Niko, mukuona bwanji? Bilimankhwe apite?"

"Apite."

"Koma giyabokosi yake ndi yomwe idzapulumutse Namzeze."

"Ndiye Namzeze apite."

"Inu muli ndi mtima? Amene anatifikitsa ku Ndola mowa usanatenthe m'botolo?"

"Chabwino, Gonani. Ameneyu ngakhale nkhuku zayamba kudandaula."

"Gonani ndi nkhokwe, a Niko. Munthu amagulitsa nkhokwe chifukwa choti siyenda?"

Edna ali pakhomo ankangomva, akusenda anyezi. "A Nicodemus, musataye malovu. Awa adzasankha tsiku limene ine ndidzawasankhire."

Mawu amenewo anthu anawasunga.

Dzinja linadutsa Jairus asanasankhe. Potsiriza, tsiku lina m'mawa, anandiitanira kumpanda n'kunena kuti wamanga mfundo. Dona yekha atsale. Enawo apite, ngakhale Gonani. Anati akauza amake Rosemary mwezi ukatha, atapeza kaye ogula, kuti chikhale chomudabwitsa. Ndinamuuza kuti mkazi wotopa sadabwitsidwa, amauzidwa. Sanandimvere.

Sabata yomweyo kunabwera uthenga wakuti bambo ake omubereka amwalira ku Katete. Anapita pabasi, pakuti msewu wa kummawa ukanang'amba mimba ya Dona asanafike pa Luangwa. Edna anatsala chifukwa cha khanda. A Obadiah anatsalanso, anati maliro si a kuchimake, komanso miyendo ikuwavuta. Ine ndinali pa shifiti ya masana mwezi wonsewo, choncho musandifunse kuti ndinaona chiyani. Sindinaone kanthu. Ndinangopeza pamene pankagona Dona pali chigamba cha oyilo ndi udzu woyera.

Jairus atabwera sanalowe n'komwe m'nyumba. Anaima pa chigamba chija, sutikesi ili m'manja. Kenaka anathamangira kuchipinda, anagwada, anasuzumira pansi pa bedi. Thumba linalipo. Batire panalibe.

Apa ndi pamene nkhani inamuipira Edna. Mbala ikhoza kukankha galimoto pabwalo, koma kuchipinda kwa anthu okwatirana amalowako ndani?

"Batire ndinatulutsa ndine," anatero Edna, osazemba. "Amalume anu anabwera m'mawa, anati munawatuma kuti azidzutsa injini ingachite dzimbiri. Ndinawapatsa, ine n'kupita ndi mwana kusikelo. Pobwera ndinapeza motoka palibe. Nditapita kwawo kukafunsa, anandibweza pakhomo."

Mlandu unakhala Loweruka, ndipo woweruza anali yemweyo wotchulidwayo, pakuti ankhoswe a kuchimuna analipo amodzi okha. A Obadiah anamvetsera mpaka pamapeto, anapukusa mutu, kenaka anakweza dzanja lawo la zala zitatu kuti aliyense alione.

"Ine? Ndi dzanja ili? Ngakhale njinga sinditha kupalasa. Mphwanga, ndinakutenga kumudzi ulibe nsapato. Mkazi ameneyu ndinakufunsira ndine. Lero akundiyesa mbala pamaso pa ana." Misozi inatsika ndithu, ndinaiona. "Amayi, munanena nokha kuti mudzamusankhira. Bwalo lonse linamva. Ingovomerani, tipepesane, banja lipitirire."

"Ndivomere chimene sindinachite?"

Onse anayang'ana Jairus. Iye anayang'ana amalume ake, anayang'ana mkazi amene anamuberekera ana asanu ndi awiri, kenaka anayang'ana pansi.

"Amake Rosemary," anatero, "mukanangodikira mwezi uthe. Ndinali nditasankha kale."

Edna sanalire. Anaimirira, anakunkhumula chitenje chake, analowa m'nyumba. M'mawa mwake anakwera basi ya ku Ndola ndi khanda ndi ana awiri aang'ono. Sipanapite nthawi, mayi wina wa ku Chimwemwe amene anapita ku Lubuto anabwera ndi nkhani yoti wamuona pakhonde pa Zelipa akupalasa makina osokera onyezimira. Basi, mlandu unathera pomwepo. Ngakhale ine ndinati makina samera ngati bowa.

Jairus anagula batire ina. Magalimoto atatu aja sanagulitsenso, panalibe womukakamiza. Rosemary ndiye ankaphika, sukulu anaisiyira panjira. Mwezi ukatha Jairus ankapitabe kwa a Obadiah ndi shuga ndi fodya, ndipo a Obadiah, amene nthawi imeneyo anali atatsegula kagolosale, ankamulangiza kuti akazi a m'tauni ndi otero, apeze wina wakumudzi. Lamulungu tinkatulukabe ndi Namzeze, koma munthu anali atasiya kuimba poyendetsa. Tikafika pamphambano ya ku Lubuto ankayang'ana kutsogolo ngati khosi lauma.

Mvula inagwa n'kutha, inagwanso. Chaka chimene anayambanso kukumba pamgodi wa Bwana Mkubwa, Lamulungu lina tinapitirira Ndola kuti tikaone zimakina zatsopano. Tinaima pamthunzi kuti Namzeze azizire. Ndili pakati pomuuza nkhani, Jairus anandigwira pakamwa.

"Khalani chete. Mwamva?"

Ine ndinangomva galimoto ikubwera chapatali.

"Akutsokomola posintha giya. Ndi Dona."

Imene inatulukira pakona inali yoyera ngati ufa. Ndinati mnzangayu wapenga. Koma iye anali ataima kale pakati pa msewu, manja m'mwamba. Woyendetsa anali mnyamata wa tayi, kalaliki wa pamgodi watsopanowo, dzina lake Cyril, wa makolo a ku Malawi. Anatsika atakwiya, koma Jairus sanamuyang'ane. Anagwada, anakanda ndi chikhadabo kunsi kwa chitseko, ndipo pansi pa utoto woyera panatuluka pofiira.

"Achimwene, motoka iyi munaipeza kuti?"

"Ndinagula ku Kitwe, ku Chimwemwe. Pamasiye. Mwini wake anali atangomwalira kumene."

"Anamwalira?"

"Eya, makanika wina, a Miti. Mtembo anali atapita nawo ku Katete. Amalume ake ndiwo ankagawa katundu, mukudziwa mwambo wa kumeneko, za mphwawo amayendetsa ndi iwo. Mdala wamtali, zala zitatu dzanja ili. Anandiuza ndibwere m'mawa, namfedwa atachoka, kuti asaone motoka ikutuluka, angakomoke. Munthu wachifundo kwambiri. Batire anachita kundinyamulira yekha." Anatiyang'ana. "Kodi malemuwo munkawadziwa?"

Ine, pakamwa panga posagwira mawu, ndinati, "Kwambiri. Ndi awa agwada apawa."

Palibe anaseka. Cyril anavula chipewa, anachivalanso, anasowa poika manja. Jairus anakhala pansi pafumbi, msana atatsamira tayala la Dona.

"Anandiika m'manda," anatero. "A Niko, mwamva? Anandiika m'manda, ine n'kumawapititsirabe shuga."

Galimoto sanailimbirane. Anangomuuza Cyril kuti asamaithamangitse isanatenthe, ndipo tinatembenuza Namzeze kulowera ku Lubuto.

Edna tinamupeza pakhonde akusoka yunifolomu ya sukulu. Sanaimirire. Makina aja anali ndi dzina la Zelipa lolembedwa ndi utoto pambali, ndipo anali akale kuposa ufulu, kunyezimira kwake kunali kwa kupukuta. Jairus anagwada pa sitepe n'kufotokoza zonse, za Cyril, za maliro ake omwe, zoti atatu otsalawo agulitsa mawa lomwe, ngakhale kuwataya.

"Amake Rosemary, ndinalakwa. Tiyeni kwathu."

Edna anadula ulusi ndi mano. "Mwamva kwa ndani?"

"Kwa mwini wake amene anagula."

"Mlendo wa pamsewu mwamukhulupirira ulendo umodzi. Ine ndinakuuzani zomwezo tsiku lomwelo, pamaso pa ana anga." Anayang'ana Namzeze kumsewu, kenaka anayang'ana ine. "Mpando ndi umodzi, ndipo mwabwera nawo mwini wake. A Nicodemus, kwerani, kukuda. Inu atate ake, Lolemba munditumizire Rosemary, abwerere kusukulu."

Makina anayambanso kulira. Tinadikira pang'ono, kenaka ndinakankha Namzeze mpaka analira, tinabwerera ku Kitwe.

Mwezi womwewo Jairus anagulitsa onse atatu, Gonani anachita kumukweza pa lole, nkhuku zikuthawa. Anagula vaneti ya mipando yokwana banja lonse, ndipo kwa zaka zambiri inkanyamula makala a anthu. Kwa a Obadiah sanapondekonso. Edna sanabwerere.

Pampopi nkhani ija ikadalipo, ndipo amene amaikamba tsopano ndi adzukulu a amene anaiyamba. Ndi yabodza. Edna sanagulitse galimoto ya mwamuna wake. Anagulitsa ndi a Obadiah.