Mayi Amene Anakana Bulugama

Tsiku limene Rosalina anaika m'manda mwana wake, anthu anamuthamangitsanso pa mjigo.

Inu amene mukuti moyo wakufinyani, tamvani za mayi ameneyu. Chinali chaka cha 1988, ku Katuli, kum'mawa kwa Mangochi. Rosalina anali atathawa nkhondo ku Mozambique, wapansi, atabereka Sara, mwana wake mmodzi yekhayo. Mwamuna wake anasiyana naye m'njira, ndipo sanamvenso za iye. Atakhala ku Katuli miyezi isanu, Sara anamwa madzi a m'chithaphwi, n'kutsegula m'mimba masiku anayi, basi.

Pochokera kumanda, Rosalina anatenga ndowa kuti akatunge madzi osamba. Amayi a pamudzipo anamutsekera njira.

"Mjigo uno ndi wathu," anatero mmodzi. "Inu othawa nkhondo mwatha mitengo, mwaumitsa kasupe wathu. Lero mukufuna muumitsenso pano?"

Rosalina anabwerera ndowa ili yopanda kanthu. Chimene chinamuwawa kwambiri n'choti amayi aja sananame kwenikweni. Othawa nkhondo anadula mitengo yomangira zisakasa ndi nkhuni, n'zoona. Koma eni mudzi nawo ankadula yowotchera njerwa, ina n'kumakagulitsa kwa owamba nsomba kunyanja. Aliyense ankaloza mnzake chala, nkhwangwa ili paphewa.

M'mawa mwake anapita kukaona kasupe woumayo. Anali m'munsi mwa kaphiri kometedwa mpala, m'munda mwa Che Abudu, telala wa pa msika. Anawapeza akupalasa makina pakhonde.

"Che Abudu, mundilole ndigwire ntchito pamwamba pa kasupe wanu."

"Mukufuna kulima miyala, mayi?"

"Ndikufuna kubweza madzi."

Che Abudu anaimitsa makina n'kuseka. "Madzi amabweza ndi Mulungu."

"Mulungu amagwetsa mvula, Che Abudu. Koma sanatume munthu kuti amete phiri."

"Chitani," anatero telalayo. "Malowo ngakhale chinangwa chimakana."

Rosalina sanapite kusukulu, koma kwawo bambo ake ankasunga kasupe, ndipo iye anakula akuona mitengo imene imagwirizana ndi madzi. Anayamba kundandalika miyala mopingasa phiri kuti mvula isamathamange. Anakumba maenje oti madzi azikhalamo n'kulowa pansi. Anatola zitini za mafuta ophikira zimene othawa nkhondo ankalandira, n'kufesamo mbewu za katope, mtengo wokonda madzi. Anaduladula nthambi za mkuyu ndi nsungwi n'kuzizika m'mbali mwa chigwembe. Madzi othirira ankawasenza kuchokera kumtsinje, mtunda wa ola lathunthu.

Chaka choyamba mbuzi zinadya mbande zonse, mpaka zitsa.

Anamanga mpanda wa minga, n'kubzalanso. Wina anabwera n'kuzula mpandawo kukasonkhera moto. Tangoganizani, minga! Munthu kulolera kubayika manja kusiyana n'kuyenda pang'ono kukatola nkhuni.

Chaka chachiwiri mlimi wina anayatsa mapesi m'munda mwake mphepo ikuwomba, iye n'kupita kukacheza. Moto unakwera phiri n'kunyambita theka la mitengo ya Rosalina. Tsiku limenelo mayiyu anakhala pansi paphulusa n'kutukwana m'zinenero zitatu. Atatopa, anadzuka n'kuyamba kulambula udzu mozungulira mitengo yotsalayo kuti moto usadzadutsenso.

Anzake othawa nkhondo ankamunena kuti imfa ya mwana yamusokoneza mutu. "Ukubzala mitengo m'dziko la eni? Nkhondo ikatha uinyamula pamutu?" Eni mudzi nawo ankati akufuna kulanda munda mochenjera. Uku wamisala, uku wakuba. Rosalina ankangoluma mano.

Kenako kunabwera a Dyson, pa njinga yamoto. Anali wogwira ntchito ku bungwe lina lothandiza othawa nkhondo, ndipo anabweretsa mbande za bulugama zodzaza ngolo. Ataona kaphiri kayamba kubiriwira, anasangalala.

"Tibzala pompano, mozungulira kasupeyu. Alendo athu akubwera mwezi wamawa kudzajambula."

"Pano ayi, bambo," anatero Rosalina. "Bulugama amamwa madzi kuposa ng'ombe. Kabzaleni kuseri kwa phiri, kouma kuja. Anthu azikadula komweko, kuno asiye."

"Amayi, ine zimenezi ndinaphunzira kukoleji."

"Ndiye kukolejiko munaonako kasupe pansi pa bulugama?"

A Dyson anaitana anthu, mbande n'kubzalidwa pakamwa penipeni pa kasupe. Njinga itangozimiririka, Rosalina anazula mbande zonse, imodziimodzi ndi dothi lake lomwe, n'kukazibzala kuseri kwa phiri. Ntchitoyo inamutengera masiku atatu.

A Dyson atabweranso anapsa mtima. "Ndikulandani khadi la chakudya! Tione ngati mudye katope wanuyo."

Khadi limenelo ndiye linali ufa, nandolo ndi mafuta a Rosalina. Popanda ilo analibe pogwira. Koma sanapepese. Anangoti, "Landani. Koma bulugama pano sabwerera."

Apa m'pamene Che Abudu, amene zaka zonsezi ankangoonerera, anatsika pakhonde, tepi yoyezera ili m'khosi.

"A Dyson, munda uwu ndi wanga. Zimene wachita mayiyu ndavomereza ndine. Mukafuna kulanda khadi, yambani mwandilanda ine makina."

Khadi silinalandidwe. Alendo aja anajambula bulugama kuseri kwa phiri, n'kuyamikira a Dyson kuti anasankha malo mwanzeru. A Dyson anavomera kuyamikirako osaphethira. Rosalina anamva, n'kungopukusa mutu.

Mu 1992 kunagwa chilala choopsa. Chimanga chinapserera chisanamasule, mtsinje unasanduka msewu wa mchenga, mjigo n'kumangotsokomola mpweya. Koma pansi pa katope wa Rosalina, amene tsopano anali atamupitirira msinkhu, dothi linali lonyowa. Anakumba pang'ono, n'kuikapo nsungwi yong'amba pakati. Madzi anayamba kudontha, ochepa ngati chala cha mwana, koma osaleka. Ndowa imodzi inkadzaza munthu atatopa kudikira. Komabe inkadzaza.

Mukuganiza kuti anthu anaphunzirapo? Sabata yomweyo wina anabwera ndi ng'ombe zisanu n'kuzilowetsa pakasupe penipeni. Wina anachapirapo matewera. Wina anafika ndi khasu kuti akumbe dzenje lakelake pambali.

"Kodi anthu inu mitu yanu imagwira?" Rosalina anakuwa mpaka mawu anasasa. "Madzi omwe mukumwawa ndi omwe mukupondetsa ng'ombe!"

Anaona kuti kukuwa yekha sikuthandiza. Anasonkhanitsa amayi khumi, asanu a pamudzi, asanu othawa nkhondo, n'kugwirizana malamulo. Kutunga n'pansungwi pokha. Kuchapa n'kumunsi, ziweto kumunsi kwenikweni. Banja lililonse lotunga lizibzala mtengo n'kuusamala mpaka ukule. Amayiwo ankalondera mosinthanasinthana, akukangana tsiku ndi tsiku, koma ankalondera. Chaka chimenecho, m'mabanja otunga pakasupepo, simunamveke maliro a mwana wotsegula m'mimba.

Nkhondo itatha, malole anabwera kudzatenga anthu kubwerera kwawo. Rosalina anamanga katundu wake m'chitenje n'kupita kukatsanzika Che Abudu. Ali m'njira anapeza a Jaffalie, mlamu wa telalayo, akuyeza ndi mapazi malo pafupi ndi kasupe.

"Mukuyeza chiyani, a Jaffalie?"

"Aa, kauvuni ka njerwa chabe, mayi. Dothi lake n'labwino, madzi ali pompa, nkhuni nazi."

Rosalina anayang'ana mitengo, n'kuyang'ana munthuyo. Anatula katundu pansi.

"Anthu inu simungasiyidwe ngakhale sabata imodzi!"

Lole inanyamuka iye akukangana ndi a Jaffalie. Uvuniwo sunamangidwe. Che Abudu anamupatsa malo, Rosalina anamangapo nyumba, n'kutsegula nazale ya mitengo yachilengedwe. Posakhalitsa midzi ina, mpaka ya ku Nkope kunyanja, inayamba kumutumizira uthenga kuti akaione mitsinje yawo. Ankapita, ankawakalipira, n'kuwasiyira mbande.

Abale anga, mwina nanunso pali chabwino chimene mukuyesetsa, ndipo amene mukuwachitirawo ndi omwe akukugwetsani ulesi. Kwiyani ndithu, palibe wakuletsani. Koma mukamaliza kukwiya, tolani khasu lanu mubwerere pantchito. Mtima wokhawo musautaye.